Zizindikiro zapadera m'zikalata: ndi njira iti imene screen reader imamva bwino?

Tengani chiganizo ichi, chimene chingapezeke m'lipoti la zanyengo kulikonse: "Usiku kudzazizira mpaka −5 °C." Munthu woona akangoponya maso wadziwa kale kuti ndi madigiri 5 pansi pa ziro. Koma kwa amene akumvetsera kudzera pa screen reader, pulogalamu imene imawerenga mokweza zolembedwa pa sikirini kapena kuzitumiza ku kachipangizo ka braille (zilembo za timadontho zowerenga ndi zala), zimene amve zimadalira mabatani amene wolembayo anadina. Ngati patsogolo pa 5 anaikapo kamzere wamba ka pa kiyibodi, pali mapulogalamu amene amakatenga ngati kolumikizira mawu n'kukadumpha, womvera n'kungomva "5". Ngati kamkombero ka madigiri anakapanga pokweza m'mwamba chilembo o, womvera amva "5 o C". Pa sikirini zonsezi zikuoneka chimodzimodzi. M'khutu ndi ziganizo zosiyana, ndipo china mwa izo chikuuza munthu kuti madzi saundana usiku umene aundane.

Screen reader siyang'ana maonekedwe a chilembo. Imafunsa kompyuta nambala imene ili kuseri kwake. Nambalazi zimachokera ku Unicode, dongosolo limene linatuluka koyamba mu 1991 ndipo limapatsa chilembo kapena chizindikiro chilichonse nambala yake ndi dzina lake. Ikapeza nambalayo, pulogalamu imaona pa mndandanda wake ngati ili ndi dzina lotchulira chizindikirocho, komanso ngati mwini kompyuta analola kuti zizindikiro za mtundu umenewo zizitchulidwa. Mu screen reader yotchedwa NVDA munthu amasankha kuti isatchule chilichonse, itchule zochepa, itchule zambiri kapena itchule zonse, ndipo ina yotchedwa JAWS nayo ili ndi magawo otere. Ambiri satsegula gawo lotchula zonse, ndipo sitingawanene. Ndani angapirire tsiku lonse kumva dzina la mpumiro ndi mpatuliro uliwonse? Zimene zatsala zimaperekedwa kwa liwu la kompyuta lija, limene nalonso lili ndi malamulo akeake a zimene limatchula ndi zimene limameza.

Ndiye kuti chizindikiro chimadutsa pa makomo atatu chisanafike kukhutu: chikalata, screen reader, ndi liwu. Wolemba ali ndi mphamvu pa khomo loyamba lokha. Njira zimene zili m'munsimu zikusiyana pa chinthu chimodzi, kuti ndi tanthauzo lochuluka bwanji limene mwalisiya m'manja mwa makomo awiri amene simungawalamulire.

Fonti zojambula zizindikiro

Ndiyambe ndi njira imene ndikuikana, chifukwa ndi imene anthu amagwiritsa ntchito osadziwa kuti asankha njira. Munthu ali mu Word, akufuna chizindikiro chochonga, atsegula Insert, Symbol, asankha Wingdings, adina kachizindikiro kamene kamusangalatsa. Pa sikirini chaoneka. Pansi pake palibe chizindikiro chochonga. Pali chilembo ü, kapena nambala yochokera m'dera la Unicode lotchedwa Private Use Area, kuyambira U+E000 mpaka U+F8FF, limene linasiyidwa dala lopanda mayina kuti aliyense aikemo zimene akufuna. Fontiyo ndi chovala chabe chimene chilembo china chavala. Screen reader ikafika pamenepo imatchula chilembo chosakhudzana ndi nkhani, kapena imangodutsa ili chete.

Amene anayamba kale kulandira maimelo akumbukira chilembo J chimene chinkapezeka chokhachokha kumapeto kwa ziganizo zochokera mu Outlook. Wotumiza ankaona kankhope komwetulira, chifukwa mu Wingdings J amajambulidwa choncho. Wolandira amene analibe fontiyo ankangoona J n'kudabwa. Umo ndi mmene munthu wa screen reader amalandirira zizindikiro zotere masiku onse.

Ya J ija ndi yoseketsa. Ya fonti ya Symbol siyoseketsa. Mu fonti imeneyi chilembo m chimajambulidwa ngati µ. Wina akalemba "mg", n'kusankha m yekhayo, n'kumusintha kukhala wa Symbol, pa sikirini pamaoneka "µg", ma microgram. Koma zimene zasungidwa m'chikalata zikadali "mg", ma milligram, amene ndi aakulu kuwirikiza 1,000. Womvera adzamva mlingo wolakwikawo, ndipo palibe chomuchenjeza, chifukwa "mg" ndi mawu omveka bwinobwino. Chimodzimodzi amene akopere mawuwo kupita mu imelo kapena kutsegula chikalatacho pa foni yopanda fontiyo.

Pa mawebusaiti, fonti za timaayikoni monga Font Awesome zimagwira ntchito mofanana: kachithunzi ka envelopu kapena kanyumba kamakhala pa nambala ya Private Use Area. Izi zikhoza kukonzedwa ndi mawu obisika, monga tione kutsogoloku, koma pazokha n'zosalankhula.

Chizindikiro chenicheni cha Unicode

Awa ndiye maziko. Kaya musankha njira iti pamwamba pake, yambani mwaika chizindikiro chenicheni. Chizindikiro chochotsera pa masamu ndi U+2212, chosiyana ndi kamzere ka pa kiyibodi kamene ndi U+002D. Chochulukitsira, ×, ndi U+00D7, osati chilembo x. Cha madigiri, °, ndi U+00B0, ndipo chili ndi mnzake wofanana naye kwambiri, º, U+00BA, amene ntchito yake ndi ya manambala osonyeza malo m'Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Chochonga chenicheni, ✓, ndi U+2713. Pa fonti zambiri maso sangasiyanitse awiriawiriwa, koma screen reader imawasiyanitsa nthawi yomweyo.

Kuziika sikovuta monga anthu amaganizira. Mu Word pa Windows, lembani 2212 n'kudina Alt ndi X pamodzi, nambalayo isanduka chizindikiro. Samalani pang'ono apa: ngati kumbuyo kwake kuli nambala ina kapena chilembo cha pakati pa a ndi f chopanda mpata, Word imachiphatikiza n'kutulutsa china, choncho yambani ndi U+ kuti idziwe poyambira. Batani la Windows pamodzi ndi mpumiro limatsegula bokosi la ma emoji ndi zizindikiro. Pa Mac ndi Control, Command ndi Space. Mu HTML, chinenero cholembera masamba a webusaiti, mukhoza kulemba &minus; kapena &times; kapena &deg; ndipo bulawuza itulutsa chizindikiro choyenera.

Ubwino wa njirayi n'ngwakuti chizindikiro chimayenda ndi mawu kulikonse kumene apita. Mukopere mu imelo, muike mu Excel, mutumize pa WhatsApp, musandutse PDF, chidzakhala chomwecho. Wowerenga braille amalandira chizindikirocho ngati tebulo la braille limene akugwiritsa ntchito likuchidziwa. Ndipo ngakhale pulogalamu itachidumpha powerenga chiganizo chonse, munthu akakayikira akhoza kubwerera n'kuyenda chilembo chimodzichimodzi ndi mabatani a mivi, ndipo pamenepo nthawi zambiri dzina lake limatchulidwa.

Koma mawu akuti "akakayikira" m'pamene pagona vuto. Munthu amabwerera akamva kuti chiganizo chapunduka. Chizindikiro cha ≤ chikamezedwa mu "ana a zaka ≤ 5", chimene chatsala ndi "ana a zaka 5", chiganizo chabwinobwino chimene sichingamukayikitse aliyense. Zizindikiro zodziwika monga %, &, @, © ndi ° zimatchulidwa bwino pafupifupi paliponse. Zina monga ≤, ≥, ±, ≠, †, § ndi mivi yosiyanasiyana zimasiyana pakati pa ma screen reader a NVDA, JAWS, VoiceOver ndi TalkBack, zimasiyananso malinga ndi liwu limene munthu anasankha ndi gawo limene anatsegula. Mukamva pulogalamu yanu ikuchitchula, musaganize kuti ya wina aliyense ikutero.

Vuto lachiwiri ndi losaonekera msanga. Dzina la Unicode limafotokoza maonekedwe, osati tanthauzo. Nyenyezi yodzaza, ★, dzina lake ndi "black star", ndipo yopanda kanthu mkati, ☆, ndi "white star". Choncho ★★★☆☆, zimene woona amamva kuti ndi 3 pa 5, womvera amazilandira ngati mayina asanu otsatizana amene ayenera kuwawerenga yekha m'mutu, ngati atchulidwa n'komwe. Muvi wa → pa malangizo a kompyuta umatanthauza "kenako dinani", pa ndandanda ya ulendo umatanthauza "kupita ku", pa chemistry umatanthauza "zimapanga". Screen reader ingonena kuti ndi muvi woloza kumanja. Nthawi zina zimenezi n'zokwanira. Pa "File → Save" aliyense amva. Pa tebulo la manambala pamene ▲ akutanthauza kuti chinthu chakwera, kumva kuti pali kamakona atatu kakuda koloza m'mwamba n'kumupatsa munthu mwambi woti amasulire.

Ma emoji ali m'gulu lomweli. Analowa mu Unicode mochuluka mu 2010, ndipo aliyense ali ndi dzina limene mapulogalamu ambiri amatchula bwino. Apa vuto si kukhala chete koma kulongolola. Kankhope koseka mpaka misozi kakaikidwa kasanu, dzina lake lalitali likhoza kumveka kasanu. Kuika manja owomba pakati pa mawu aliwonse kumaduladula chiganizo mpaka osamveka. Ine ndimaona kuti emoji imodzi kumapeto kwa chiganizo siipweteka munthu. Yoikidwa m'malo mwa mawu, kapena kumayambiriro kwa mzere uliwonse ngati kadontho ka mndandanda, ndi imene imasokoneza.

Pali chinyengo china chimene chafala pa Facebook, X ndi LinkedIn: zilembo zooneka zakuda kwambiri kapena zopendekeka zimene anthu amakopera pa mawebusaiti okongoletsa mawu. Si zilembo wamba zimene zanenepetsedwa. Ndi zizindikiro za masamu zochokera m'dera loyambira pa U+1D400, limene linawonjezedwa mu 2001 kuti akatswiri a masamu azisiyanitsa mitundu ya zilembo m'mawerengero awo. Pulogalamu ina imatchula dzina lalitali la chilembo chilichonse, ina imadumpha mawu onsewo. NVDA yatsopano ili ndi posankha kuti izizisandutsa zilembo wamba, koma si onse amene ali nayo. Ndi Unicode yeniyeni, inde, koma yogwiritsidwa ntchito pamalo olakwika.

Nanga manambala okwezedwa? Mukalemba 10 ndi 6, n'kukweza 6 ndi batani la superscript, pansi pake pakadali 106. Mapulogalamu ambiri satchula kukwezedwako pokhapokha mwiniwake atatsegula posankhira, choncho 1,000,000 imamveka ngati 106. Pa zinthu zing'onozing'ono monga m² chizindikiro cha ², U+00B2, chimathandiza, chifukwa ndi chosiyana ndi 2 wamba. Zikapitirira pamenepo mwalowa m'masamu, amene ali ndi njira yake.

Kungolemba mawu

"Ana a zaka 5 kapena kucheperapo." "Nyenyezi 3 pa 5." "Madigiri 5 pansi pa ziro." "Inde" ndi "Ayi" m'malo mwa ✓ ndi ✗.

Njira iyi ilibe ukatswiri uliwonse, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu okonda zipangizo amaidumpha. Koma ndi yokhayo imene imadutsa makomo onse atatu popanda kupempha chilolezo. Sidalira mtundu wa screen reader, sidalira mtundu wa fayilo, siwonongeka pokopera, ndipo imathandizanso anthu amene amaona bwinobwino koma amaima kaye kuti akumbukire ngati > ndi "kuposa" kapena "kuchepera". Bungwe la ku United States loona za kasamalidwe ka mankhwala, Institute for Safe Medication Practices, limalangiza kulemba "mcg" m'malo mwa µg, ndi kulemba mawu enieni m'malo mwa > ndi <. Silikunena za anthu osaona. Likunena za anamwino ndi madokotala amene amawerenga molakwika ali ndi maso awo.

Ilinso ndi mtengo wake. Mawu amatenga malo. Tebulo loyerekeza zinthu 6 pa mfundo 20 limaoneka msanga likakhala ndi zizindikiro zochonga, ndipo woona amalidutsa ndi maso kamodzi. Likadzaza ndi mawu limalemera. Komabe "Inde" ndi "Ayi" si mawu aatali, ndipo palibe choletsa kuika zonse ziwiri, "✓ Inde". Chizindikiro chikatchulidwa, womvera wangomva liwu limodzi lowonjezera. Chikamezedwa, sanataye kanthu. Choipa kwambiri pa matebulo otere ndi kusiya malo opanda kanthu kutanthauza "ayi", chifukwa womvera sangadziwe ngati ndi "ayi" kapena pali chizindikiro chimene pulogalamu yake yadumpha.

Ena amathetsa nkhani ya malo poika ndemanga yomasulira zizindikiro pansi pa tebulo. Zimenezi zimathandiza pokhapokha zizindikirozo zikutchulidwa, ndipo ndemangayo iyenera kukhala pamwamba, chifukwa womvera amayenda kuchokera pamwamba kutsika ndipo sangaponye diso pansi n'kubwerera. N'chimodzimodzi ndi kanyenyezi ka * pa mafomu: nenani kumayambiriro chimene kakutanthauza, kapena ingolembani kuti "zofunika kudzaza" pambali pa funso.

Malangizo a WCAG, othandiza kuti anthu olumala azitha kugwiritsa ntchito mawebusaiti, a bungwe la W3C loona za miyezo ya webusaiti, amene a 2.0 anatuluka mu 2008, a 2.1 mu 2018 ndi a 2.2 mu 2023, amakhudza nkhaniyi pa mfundo zingapo. Ya 1.1.1 imafuna kuti chinthu chosakhala mawu chikhale ndi mawu olowa m'malo mwake. Ya 1.3.3 imakana malangizo odalira maonekedwe okha, monga "dinani batani lozungulira". Ya 1.4.1 imakana kudalira mtundu wokha, monga kadontho kofiira ndi kobiriwira. Mawu ooneka amakwaniritsa zitatu zonsezi nthawi imodzi.

Mawu obisika pa webusaiti

Ngati chikalata chanu ndi tsamba la HTML, pali njira yosunga chizindikiro kwa woona n'kupereka mawu kwa womvera. Ili ndi mitundu iwiri imene imagwira ntchito, ndi ina ingapo imene imangooneka ngati ikugwira.

Woyamba ndi kuuza bulawuza kuti chizindikirocho chitengedwe ngati chithunzi, n'kuchipatsa dzina: <span role="img" aria-label="nyenyezi 3 pa 5">★★★☆☆</span>. Womvera amva mawuwo, ndiponso amva kuti ndi chithunzi. Mbali ya role="img" si yokongoletsa. Ambiri amaika aria-label yekha pa span kapena div, koma malamulo a ARIA 1.2, amene amatsogolera kagwiritsidwe ntchito ka role ndi aria-label, amaletsa kupereka dzina ku zinthu zopanda udindo zotere, ndipo mapulogalamu ambiri amangolinyalanyaza. Wolemba amakhala wokhutira kuti wakonza, pamene womvera sakumva kanthu.

Wachiwiri ndi kubisa chizindikiro kwa screen reader ndi aria-hidden="true", n'kuika pambali pake mawu enieni obisidwa kwa maso okha kudzera mu CSS (chinenero chokonzera maonekedwe a tsamba), kalembedwe kamene ambiri amakatcha sr-only kapena visually-hidden. Pakati pa iwiriyi ine ndimakonda uwu chizindikiro chikakhala mkati mwa chiganizo, chifukwa chiganizocho chimayenda osadukizidwa ndi mawu akuti "chithunzi". Chenjezo lake n'lakuti display:none amabisa mawu kwa onse, womvera yemwe, choncho sangagwire ntchito imeneyi. Ndipo aria-hidden payekha ndi yankho labwino pa zizindikiro zongokongoletsa, monga timivi ta pa mabatani amene ali kale ndi mawu: zitontholetseni basi.

Zimene zimangooneka ngati zikugwira ndi monga title, kaya pa span kaya pa abbr. Mawu ake amatuluka mukaimika mausi pamwamba, koma pa foni mulibe mausi, ndipo ma screen reader ambiri sawawerenga pokhapokha munthu atawauza. Zizindikiro zoikidwa ndi CSS kudzera mu ::before nazo zimawerengedwa ndi mapulogalamu ambiri masiku ano, zimene zimadabwitsa amene ankaganiza kuti n'zosamveka.

Mawu obisika ali ndi zofooka ziwiri zimene sizikambidwa kawirikawiri. Choyamba, sakhala nthawi yaitali. Munthu akakopera ndimeyo kupita mu Word kapena mu imelo, aria-label amatsala. Wina akadzasintha nyenyezi kukhala zinayi n'kuiwala mawu amene sakuwaona, woona awerenga 4 pamene womvera akumva 3, ndipo palibe amene adzazindikire. Chachiwiri chikukhudza braille. Kachipangizo ka braille kamaonetsa zilembo zochepa pa nthawi imodzi, kawirikawiri 40 kapena kucheperapo. Wowerenga braille amene amadziwa bwino chizindikiro cha ± angakonde kuchikhudza chomwecho m'malo mwa mawu aatali amene mwamusankhira. Mukaphimba chizindikiro chilichonse ndi mawu, mwamulanda ufulu umene pulogalamu yake inamupatsa. N'chifukwa chake sindiona chifukwa chophimbira %, & kapena ©. Anthu a screen reader anazolowera mmene zipangizo zawo zimatchulira zinthu, ndipo safuna kuwatafunira chilichonse.

Mu Word ndi Google Docs njirayi kulibe. Simungapatse chilembo chimodzi cha mkati mwa chiganizo dzina lobisika. Ena amayesa kulemba mawu oyera pa pepala loyera, koma akangosintha mtundu wa tsamba kapena wina n'kutsegula pa sikirini yakuda, zonse zimaonekera.

Chithunzi chokhala ndi alt text

Izi zisungireni zizindikiro zimene mu Unicode mulibe: chizindikiro cha kampani, cha pa mapu, cha pa chithunzi cha mawaya a magetsi. Alt text, mawu ofotokoza chithunzi amene screen reader imawerenga, imagwira ntchito mu HTML, Word, PowerPoint ndi PDF, ndipo imeneyi ndi mphamvu yake. Lembani tanthauzo, osati maonekedwe: "Chenjezo", osati "kamakona atatu kachikasu". Koma kujambula chizindikiro chimene chili kale mu Unicode n'kudzivutitsa. Chithunzi sichikula limodzi ndi mawu, sichisintha mtundu munthu akasintha mitundu ya sikirini, ndipo sichipezeka pofufuza.

PDF

PDF ili ndi zida zake. Kuyambira pa PDF 1.4 ya mu 2001, fayilo ikhoza kukhala ndi ma tag ofotokoza kapangidwe kake, ndipo muyezo wa PDF/UA, ISO 14289, umene unatuluka mu 2012, umafuna kuti chilembo chilichonse chilumikizidwe ndi nambala yake ya Unicode. Pali Alt, wofotokoza chithunzi, ndi ActualText, amene amanena kuti "chimene chajambulidwa apa chiwerengedwe ngati mawu awa". ActualText ndi amene amapulumutsa chizindikiro chojambulidwa ndi fonti yachilendo. Koma kumuika pamanja mu Acrobat, chizindikiro chimodzichimodzi, ndi ntchito yotopetsa, ndipo mukakonza chikalata choyambirira n'kutulutsa PDF yatsopano, mumayambiranso. Si mapulogalamu onse otsegulira PDF amene amamulemekeza. Kukonza mu Word kapena InDesign musanatulutse kumapulumutsa nthawi yambiri, ndipo potulutsa gwiritsani ntchito Save As kapena Export mutachonga posunga ma tag. Kudzera pa Print kumataya ma tag onse.

Mayeso osavuta ndi awa: sankhani ndime mu PDF, ikopereni, iikeni mu Notepad. Notepad sadziwa za fonti zokongoletsa. Ngati µ wasanduka m, chochonga chasanduka ü kapena kabokosi, kapena "fi" wasowa pakati pa mawu, zimenezo n'zimene screen reader ikulandira.

Masamu

Apa m'pamene malangizo oti "lembani mawu" amathera mphamvu. Chiwerengero chokhala ndi nambala yapamwamba ndi yapansi, mizu, ndi zokwezedwa pamwamba pa zokwezedwa sichingafotokozedwe m'chiganizo chimodzi chimene munthu angachisunge m'mutu. Ngakhale chaching'ono, "a kuphatikiza b kugawa ndi c", chili ndi matanthauzo awiri. Wophunzira amafunika kuyenda mkati mwa chiwerengerocho, kumva chapamwamba pachokha, kutsika, kubwereranso. Alt text siingamupatse zimenezo, chifukwa imabwera ngati mpukutu umodzi.

MathML, njira yolembera masamu pa webusaiti imene W3C inatulutsa koyamba mu 1998, imasunga kapangidwe ka chiwerengero, osati maonekedwe okha. Kwa zaka zambiri inkagwira mu Firefox ndi Safari koma osati mu Chrome, mpaka Chrome 109 itatuluka mu January 2023. VoiceOver ndi JAWS zimaiwerenga, ndipo NVDA imachita zimenezi mothandizidwa ndi MathCAT, imene imatulutsanso masamu mu braille ya mtundu wa Nemeth kapena wa UEB. Amene amalemba mu LaTeX, njira yolembera zikalata za masamu, akhoza kugwiritsa ntchito pulogalamu ya MathJax kuti aike masamu awo pa webusaiti m'njira yowerengeka. EPUB 3, mtundu wa mabuku a pa kompyuta, nayo imalola MathML. Mu Word, chofanana nacho ndi Equation, imene imatseguka ndi Alt ndi chizindikiro cha =. Chiwerengero cholembedwa mmenemo chili ndi kapangidwe, pamene chopangidwa ndi mipata ndi superscript chilibe.

PDF ya masamu yotulutsidwa mwachizolowezi kuchokera mu LaTeX imakhala yovuta kwambiri kumvetsera. Akatswiri ambiri a masamu osaona amakonda kupatsidwa fayilo ya LaTeX yeniyeniyo, chifukwa ndi mawu wamba amene sasiya kanthu kokayikitsa. Kuipereka pambali pa PDF sikuwonongetsa kanthu.

Posankha

Funso limene ndimadzifunsa pa chizindikiro chilichonse ndi limodzi: chitafufutika, chiganizo chisintha? Ngati sichisintha, ndi chokongoletsa. Chichotseni, kapena pa webusaiti chitontholetseni. Ngati chiganizo chipunduka moti womvera azindikira n'kubwerera, chizindikiro chenicheni cha Unicode n'chokwanira. Ngati chiganizo chikhala chomveka koma chonena zina, monga pa −5, pa ≤ 5 ndi pa µg, lembani mawu ooneka, makamaka pa mankhwala, ndalama, malamulo ndi machenjezo. Mawu obisika abwere pamene malo palibedi ndipo chikalatacho chikhala pa webusaiti yanu, pamene pali munthu wochisamalira.

Kenako mvetserani nokha. NVDA ndi yaulere, ndipo ili ndi Speech Viewer, zenera limene limalemba zonse zimene ikulankhula, lothandiza kwa amene khutu lawo silinazolowere liwu la kompyuta. Narrator, screen reader ina, ali kale mu Windows, amatseguka ndi Control, Windows ndi Enter. VoiceOver pa Mac imatseguka ndi Command ndi F5, ndipo pa foni za Android pali TalkBack. Yesani pa mapulogalamu awiri osiyana, imodzi ya pa kompyuta ina ya pa foni, osasintha magawo amene anabwera nawo, chifukwa mukatsegula gawo lotchula zonse mudzamva chilichonse n'kuganiza kuti zili bwino. Werengani chiganizo chonse nthawi imodzi, osati chilembo chimodzichimodzi. Ngati chikalatacho chikupita kwa anthu ambiri, pemphani munthu amene amagwiritsa ntchito screen reader tsiku ndi tsiku kuti achiyese, wa braille akhalepo ngati n'kotheka, ndipo mumulipire pa nthawi yake.